Chigaza cha kwa Andrano

Mu 2019, madzi atatsika ku Kariba, magetsi kuno ku Harare ankabwera anthu atagona kale, n'kuthawanso kusanache. Kwathu ku Mabvuku usiku ndiwo unasanduka usana. Babu la pabalaza likangoyaka, mayi ankadzuka kukasita, mlongo wanga ankasonkhanitsa mafoni a nyumba yonse pa soketi imodzi, ndipo kuseri kwa mpanda kunkamveka makina a aneba owotcherera mageti pakati pa usiku. Ine gawo langa linali laputopu yakale imene batire lake linafa kalekale, moti magetsi akazima nayo inkangoti thi nthawi yomweyo. Pa laputopu imeneyo ndi pamene ndinasewera koyamba gemu yotchedwa Morrowind.

Pali funso limene atsibweni anga anandifunsa usiku wina chaka chimenecho, kapu ya tiyi ili m'manja, maso ali pa sikirini. Gemuyo ndaisewera, ndaisiya, ndayambiranso, laputopu ija inapita kwa ogula zitsulo zakutha, koma funsolo lakana kuchoka.

## Mapepala kaye

Amene munaisewerapo mukukumbuka mmene imayambira. Umadzidzimuka uli m'sitima ya pamadzi, uli mkaidi, ndipo mkaidi mnzako wachipsera kumaso, Jiub, akukufunsa dzina. Mlonda akukutulutsa, ukuponda pa doko la Seyda Neen, kamudzi ka m'dambo pa chilumba cha Vvardenfell. Iwe ukuti tsopano andipatsa lupanga. Ayi ndithu. Akukulowetsa mu ofesi ya kalembera ndi msonkho, ndipo mkulu wina wa mkanjo, Socucius Ergalla, akufuna adziwe ntchito yako ndi nyenyezi imene unabadwira, kenako akuti tenga mapepala ako patebulopo ukawaonetse kwa kapitao. Kampani ya Bethesda inatulutsa gemuyi mu 2002, ndipo mpaka lero sindinaone ina ya malupanga ndi matsenga imene imayamba ndi kalaliki.

Posankha mtundu ndinatenga Dunmer, eni nthaka, akhungu lotuwa ndi maso ofiira. Ndinkati ndikakhala wa mtundu wawo andilandira. Ndangotuluka panja n'kuyamba kupereka moni, aliyense akundiyankha mokhadzula, akunditchula wakunja. Nkhope ndi yawo, khungu ndi lawo, koma gemu inakonza kale kuti unabadwira kwina, ndipo iwo amakumva pa lilime.

Apa ndinaseka ndekha, mpaka mayi anafunsa ali pa ayironi kuti chavuta n'chiyani. Iwowo anabadwira mumzinda uno ukadali Salisbury, ku Malawi sanapondeko, koma chitupa chawo chachitsulo chinali ndi mawu akuti ALIEN. Lamulo la unzika la 2001 litabwera, anthu ngati iwo anauzidwa kuti akane unzika wa dziko limene sanalionepo, ndipo zinatengera malamulo aakulu a dziko a 2013 kuti obadwira kuno, amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, awerengedwe ngati nzika zobadwa. Malamulo omwewo anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno. Izi sinditambasula, ambiri a inu muli ndi nkhani yanuyanu ya pamzere wa zitupa. Ndingoti kufanana kumeneku ndinakuona msanga, kunandikomera, ndipo ndinadziika kumbali ya wolakwiridwa. Ndinkayenda m'misewu ya Balmora ndikudzimvera chisoni mosangalala.

## Gemu yosakugwira dzanja

Morrowind ndi yankhanza kwa woyamba kumene. Ukuona ndi maso ako lupanga likudutsa pathupi pa khoswe, koma khosweyo ali bwinobwino, chifukwa kuseri gemu ikuponya maere: luso lako pa chida chimenecho, changu chako, mwayi wako, ndi kutopa kwako. Kamzere kobiriwira ka pansi kumanzere kakatha chifukwa wathamanga njira yonse, uphonya mpaka khosweyo akumalize. Kumwamba nako kuli ma cliff racer, zimbalame zachabechabe zimene zimakulondola phiri lonse zikulira, osakupha msanga, osakusiyanso.

Koma chimene ndinaikondera n'chakuti pa mapu palibe muvi wokulozera kopita. Munthu amakuuza njira ndi pakamwa, mawuwo amalembedwa m'buku lako, basi. Zili ngati mmene azakhali amakulondolera nyumba ya maliro ku Epworth: utsike pa miyala ikuluikulu ija, udutse chitsime, ukaona tchalitchi cha malata ukhotere kumanzere, kumeneko ukafunse. Ukasochera ndi zako. Gemu za masiku ano, ngakhale Skyrim ya 2011 imene ndi ya banja lomweli, zimakuyendetsa maso ali pa kachizindikiro, dziko osaliona. Muno umaloweza mitengo ndi milatho chifukwa ukapanda kutero sufika.

Phukusi limene amakupatsa ku Seyda Neen umakalitula kwa Caius Cosades ku Balmora, nkhalamba yosavala malaya, yokhala m'kachipinda kamodzi, chitoliro cha skooma, mankhwala ozunguza bongo a mu gemuyi, chili pansi pa bedi. Ameneyo ndiye mkulu wa akazitape a Empire, ufumu wakunja umene ukulamulira dzikolo, pa chilumbachi. Amakupatsa ndalama 200 n'kukuuza kuti ukapeze ntchito kaye ukhwimeko. Ndalama 200 sizichedwa. Ophunzitsa lupanga amalipiritsa, okonza zida amalipiritsa, silt strider, chikumbu chachitali miyendo chija chimene chimagwira ntchito ya basi, nacho chimalipiritsa.

Ndiye wosewera aliyense amatulukira mgodi womwewo: manda. Pa Vvardenfell pali manda a mabanja ambirimbiri, khomo lililonse lili ndi dzina la banja lake. Mkati muli mitsuko, mabokosi, ndalama, mipukutu ya matsenga. Kufupi ndi Seyda Neen, m'manda a kwa Samarys, muli mphete yotchedwa Mentor's Ring imene imawonjezera nzeru ndi kulimba mtima ndi 10, ndipo ili mumtsuko wa phulusa la munthu. Amene amaidziwa gemuyi amathamangira kumeneko tsiku loyamba lomwelo. Inenso ndinali nayo pachala.

## Usiku wa chigaza

Atsibweni anabwera kudzakhala nafe chaka chimenecho bondo litawavuta. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'mafamu a fodya cha ku Mvurwi, mpaka mafamu atayamba kusintha manja mu 2000, ndiye anayamba kuyendayenda mwa abale. Tulo analibe. Magetsi akabwera ankawiritsa madzi m'ketulo, n'kukhala pa sofa kumbuyo kwanga, mwendo wovutawo atautambasula pa kampando, n'kumaonera. Chingerezi cholemba sachimva kwenikweni, choncho ndinkawamasulira zimene anthu a mu gemu akunena. Munthu wanga wa pa sikirini ankamutchula kuti "kamnyamata kako".

Usiku umenewo ndinali pa ntchito ya Caius. Iye ankafuna kudziwa za chipembedzo chobisika cha Nerevarine, chodikira kubadwanso kwa ngwazi yakale ya a Dunmer, Nerevar, ndipo anandituma kwa Sharn gra-Muzgob, mayi wa mtundu wa Orc wa ku bungwe la amatsenga la ku Balmora. Mayiyo anati andiuza, koma ndiyambe ndamubweretsera chigaza cha munthu wina, Llevule Andrano, chochokera m'manda a banja lake kumwera kwa Pelagiad. Anandipatsa lupanga lamatsenga, poti mizimu siilasika ndi chitsulo wamba, n'kundichenjeza kuti ndisakhumudwitse eni dziko.

Manda a mu Morrowind ali ndi maonekedwe awoawo. Makonde ndi opapatiza, makoma a mtundu wa dothi, denga lokhota. Muli nyali zoyaka, kusonyeza kuti wina amabwerabwera. Pa maguwa pali mitsuko yondandalikidwa, pambali pake tinthu timene achibale anasiya. M'zipinda zina muli dzenje lozungulira lodzaza phulusa, mafupa akusuzumira. Ndipo ukakweza voliyumu umamva manong'onong'o, mawu a anthu osamveka chimene akunena. Ine ndinali nditazolowera moti sindinkawamvanso. Atsibweni anawamva.

"Kodi kumeneku walowa n'kuti?"

"Ndi kumanda, atsibweni."

Anaika kapu pansi. "Manda a yani?"

"A banja la Andrano."

"Kamnyamata kakoka n'ka kwa Andrano?"

"Ayi."

"Wakatuma ndani?"

Ndinafotokoza za Caius ndi za Sharn. Anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula.

"Mayi ameneyo ndi wa kwa Andrano?"

"Ayi, nayenso ndi wobwera."

"Nanga nkhalamba yopanda malayayo?"

"Ndi ya boma limene likulamulira dzikolo kuchokera kunja."

Nthawi imeneyo n'kuti chigoba cha mafupa chikundithamangira, ndipo ndinali kalikiliki ndi mausi, lupanga likuphonya mwa nthawi zonse. Nditachigwetsa ndinati, mwina pofuna kuwasangalatsa, "Mwaona, chilombo chija chagwa."

"Chilombo chiti, mphwanga? Ameneyo ali pakhomo pake. Wobwera watuma wobwera kwa wobwera mnzake, kuti akatenge mutu wa mwini mudzi. Eni ake akudziwa?"

Sindinayankhe. Chigazacho chinali poyera, chopanda bokosi, chopanda loko, ndipo ukachilozetsa dzina la mwini wake limatuluka pa sikirini. Ndinasiya mausi n'kuyamba kuganiza njira ina. Ntchito imeneyi si ya pambali yoti ungaisiye n'kupita kwina. Ili pamsana penipeni pa nkhani, ndipo Caius sakupatsa ina usanaimalize. Ndinadina. Chigaza chinalowa m'thumba pamodzi ndi mazira a kwama ndi mabotolo a mankhwala.

Atsibweni anamaliza tiyi wawo, anaimirira pogwira mpando, ndipo ali pakhomo la kuchipinda anati, "Ndiye iwe umadandaula kuti kumsika sakulonjera."

## Mabuku a m'mashelefu

Gemuyi ili ndi mabuku ambiri oti ungatsegule n'kuwerenga tsamba ndi tsamba. Osewerafe timangowatsegula kuti tione ngati awonjezera luso, n'kutseka. Kuchokera usiku umenewo ndinayamba kuwawerenga, ndipo ndinapeza kuti zimene atsibweni anazindikira pa mphindi zochepa, osamva liwu la Chingerezi, olemba gemu anazilemba zonse.

A Dunmer amasunga phulusa ndi mafupa a akufa awo m'manda a banja. Kwa iwo wakufa sanachoke pabanja: amapatsidwa nsembe, amafunsidwa nzeru, amauzidwa zimene zikuchitika pakhomo. Mizimu ndi mafupa oyenda amene ndinkawatcha zilombo anaikidwa mmenemo kuti alondere. Ngakhale mphamvu imene Dunmer aliyense amabadwa nayo, imene ndinkaigwiritsa ntchito pa nkhondo osaiganizira, ndi kuitana kholo kuti likutchinjirize. Ndipo mpanda waukulu wowala uja wozungulira Red Mountain, Ghostfence, umene umatsekera mdani wamkulu wa mu gemuyi, Dagoth Ur, ndi matenda ake mkati, mabanja anapereka mafupa a makolo awo kuti uime. Dziko lonselo likulondedwa ndi akufa. Kuseweretsa mitembo ndi matsenga ndi mlandu waukulu kumeneko, n'chifukwa chake Sharn amakana kwamtuwagalu ukamufunsa ngati amachita zimenezo.

Tsono iwe wosewera ndiwe yani? Mkaidi amene mfumu ya Empire yamumasula kuti akaigwirire ntchito. Empire yomweyo ili ndi malinga a asilikali ku Pelagiad ndi ku Moonmoth, ndipo inadzisungira malonda a mwala wodula wotchedwa ebony, a galasi la m'migodi ndi a zinthu zakale za a Dwemer, mtundu umene unazimiririka. Sindikhulupirira kuti olemba anaika chigaza chija panjira yaikulu mwangozi. Anafuna kuti manja ako ade usanayambe kutchedwa mpulumutsi. Ndipo kuno ku Harare nkhani ya zigaza si nthano. Mbuya Nehanda, mayi wachishona wa mizimu amene analimbikitsa anthu kuukira atsamunda, ananyongedwa mu 1898, chipilala chake chaima pa mphambano ya Samora Machel ndi Julius Nyerere kuyambira 2021, ndipo dziko lino lakhala likupempha kuti mafupa a anthu amene anatengedwa nthawi ya atsamunda n'kukasungidwa ku Britain abwezedwe. Mafupa ambiri otere anasungidwa m'dzina la maphunziro. Sharn nayenso chifukwa chake n'chomwecho.

Musaganize kuti a Dunmer ndi angelo. Ali ndi akapolo, ambiri a mtundu wa Argonian ndi Khajiit, ovala zibangili zokhoma, akugwira ntchito m'minda ndi m'migodi. Tsiku limene ndinadutsa pa munda waukulu wa Dren, nyumba ya bwana ili payokha, tizisakasa ta antchito tili mbali ina, atsibweni anangoti, "Komboni," n'kukhala chete mpaka ndinatulukamo. Gemuyi sikupatsa mbali yoyera yoti uimepo, ndipo ndi chimene ndimaipatsira ulemu ngakhale lupanga lake limaphonya.

## Kumene kwagona athu

Loweruka lina atsibweni anati ndiwaperekeze kumanda a ku Mabvuku. Za gemu sanatchule, inenso sindinatchule.

Anzanga achishona akaferedwa amachita hayala basi, thupi limapita kumusha, kutanthauza kumudzi, ku Murehwa, ku Gutu, ku Chivhu. Ife timaika konkuno. Agogo aamuna anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija cha 1953 mpaka 1963, anadutsa ku Tete, anayamba pafamu, kenako anakhala khukhi wa azungu ku Highlands. Ankati akangopeza ya njinga ndi ya makina osokera abwerera. Kumudzi anthu otere ankawatcha matchona. Sutukesi yawo ikadali pamwamba pa wodilopu ya mayi. Mu 2005, nyumba zikugwetsedwa pa Murambatsvina, anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo, ndipo mabanja ngati lathu ankangoyang'anana.

Manda a agogo tinachita kuwasaka. Kachikwangwani kachitsulo kanachita dzimbiri, penti inasuluka, udzu unafika m'chiuno. Atsibweni sanalabadire za nambala, anawerenga mizere kuchokera pa mtengo wina umene ankaukumbuka. Titafika anavula chipewa, anagwada ndi bondo lovutalo, anaomba m'manja pang'onopang'ono. "Bambo, ndabwera ndi mdzukulu wanu, mwana wa mlongo wanga. Munamusiya akukwawa. Ndi uyu." Anawauza za bondo, za madzi osatuluka m'mipopi, za mtengo wa ufa. Lamulungu lililonse atsibweni amakhala pa benchi lakutsogolo ku CCAP, ndipo za gule wa pafamu anakuliramo, zimene sindilemba pano. Amene amaona mkangano pamenepa ndi ena, iwowo ayi.

Tikulimira ndinayamba kuwerenga ndi maso, paja kumanda saloza ndi chala: agogo aakazi mizere ingapo kumunsi, azakhali, bambo anga cha kumpanda, mchimwene wanga amene anamwalira ali khanda. Mibadwo itatu. Ndinauza atsibweni kuti potengera malamulo a ku Vvardenfell ife ndife eni nthaka, poti mwini dziko ndi amene ali ndi mafupa pansi pake.

Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Manda sapereka chitupa, mphwanga." Anazula udzu wina n'kuukutumula dothi. "Komanso ukapita ku Dedza lero, kumanda kwa makolo a bambo sakakulowetsa wekha. Akakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo amene akanakuyankhira onse anagona." Sanandivomereze, sanandikanirenso. Anangondipatsa khasu kuti ndimalize mbali ya kumutu.

## Uta wa bambo ake a Sul-Matuul

Nkhani ya gemu imakufikitsa kumpoto kwenikweni, kudziko la phulusa, kwa a Urshilaku, limodzi mwa mafuko a Ashlander amene amakhala m'matenti, osapembedza milungu itatu ya Tribunal imene a Dunmer ena amapembedza. Usanapite, wamalonda wina wa ku Ald'ruhn, Hassour Zainsubani, amakuphunzitsa mwambo wawo: supita chimanjamanja, ndipo sulowa m'tenti ya mfumu kapena ya mayi wanzeru usanaitanidwe. Ukafika umayamba ndi anthu wamba, iwo amakulozera kwa nduna, Zabamund, ndipo ndunayo ikakhutira ndiye umakaonekera kwa mfumu Sul-Matuul. Ndikumasulira zimenezi, atsibweni anasendera kutsogolo. "Awa ndiye anthu," anatero. "Kwa mfumu sumangoti balamanthu."

Kenako mfumuyo inanena mayeso ake: ndipite kumapanga kumene a Urshilaku amaika akufa awo, ndikatenge uta wotchedwa Bonebiter kwa mzimu wa bambo ake, Sul-Senipul. Ndinatembenuka kuwayang'ana.

"Kumanda kwinanso, atsibweni."

"Wakutuma ndani?"

"Mwana wa malemu."

"Pita. Ukatenge chimene wakutumacho basi."

Mapanga amenewo ndi aakulu, amadzi, njira yake yokwera mozungulira. M'mbali mwake muli mitembo youma itakhala m'malo mwake, ina ili ndi zida zodula kuposa chilichonse chimene ndinali nacho. Wosewera aliyense akudziwa mmene chala chimayabwira ukaona chida cha galasi chili poyera, mwini wake ali duu. Ndinadutsa. Kumbuyo kwanga tiyi anali atazizira m'kapu, koma omwa anali maso.

Chimene sanachikonde n'chakuti mzimu wa bamboyo uyenera kumenyedwa kuti utawo upezeke. "Mwana kutuma mlendo kukamenya bambo ake?" Ndinati ndi mayeso, ndi mmene fukolo limayesera wofuna kulowa. Anaganiza kanthawi n'kuti, "Chinamwali sichikoma," osawonjezera kanthu.

Nditabwerera ndi utawo, Sul-Matuul ananditcha bwenzi la fuko n'kundilola kukaonana ndi mayi wanzeru, Nibani Maesa. Ine ndinkadikira kuti anene kuti ndine Nerevar wobadwanso, amene maulosi ankamunena. Mayiyo anandiyerekeza ndi maulosi ake limodzi ndi limodzi, n'kunena kuti si ine, koma ndikhoza kudzakhala iye. Atsibweni anati ndibwereze kumasulira. Nditabwereza anaseka mpaka kutsokomola, mpaka mayi anagogoda khoma kuchipinda kwawo. "Mayi ameneyu akanakhala pa windo la zitupa lija," anatero akupukuta misozi, "amayi ako sakanataya zaka zonse zija pamzere."

## Mmene ndimasewerera tsopano

Ndinapeza laputopu ina, ndipo ndimasewera kudzera pa OpenMW, injini yaulere imene anthu odzipereka analemba kuti gemuyi iziyenda bwino pa makompyuta a lero, bola ukhale ndi mafayilo a gemu yeniyeniyo. Munthu wanga aliyense watsopano amakhala mmphawi nthawi yaitali. Amazula bowa ku Bitter Coast kukagulitsa, amatumikira mabungwe pa tintchito tating'onoting'ono, amayenda wapansi poti ya silt strider palibe. Msuweni wanga wa ku Tafara, amene amamaliza gemu atavala zida zonse zapamwamba, amati ndikudzizunza chifukwa cha mafupa ojambula. Ndimamuyankha kuti iye akusewera theka lake lokha. Ukamadutsa khomo la manda n'kungowerenga dzina, umayamba kuona kuti maina ngati Sarethi ndi Venim ndi a akuluakulu amoyo a ku Ald'ruhn, omwewo amene udzawagwadire kutsogoloku pofuna kuti akuvomereze.

Chigaza cha Llevule chokha ndiye chimandivutabe, ulendo uliwonse ndimachitenga. Njira yokhotakhota yomalizira gemu popanda Caius ilipo, koma imafuna kupha Vivec, mmodzi mwa milungu itatu ija, ndipo imeneyo sindinayerekeze n'komwe kuwafotokozera atsibweni.

Iwowo anasamukira ku Norton kwa mwana wawo wamkazi. Tikamalankhula pa foni amafunsa za mayi, za madzi, kenako za "mayi wa zigaza uja", ngati anamangidwa. Sanamangidwe. Akadali m'chipinda chapansi cha bungwe la amatsenga ku Balmora, akugulitsa mankhwala ochiza, ndipo ndikavulala ndimagula kwa iye chifukwa ndiye ali pafupi. Nditawauza zimenezi anatsonya, n'kuti ndiwapatse amayi foniyo.